Mafuta a m'magazi a apongozi

Apongozi anga aamuna anali munthu woonda. Mphepo ya Juni ikamawomba kuchokera kuphiri la Domwe, tinkawaikira mbatata m'matumba a malaya kuti asauluke. Ndikulumbira, anthu anaona. Kachasu anayamba kumwa ine ndisanabadwe, nyama ankaiona pa Natale pokha, ndiye kuti pa Khirisimasi.

M'mimba mutayamba kuwapota, ndinawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala, poti dotolo ankayankhula Chipwitikizi chokha, ndipo pabanjapo wochidziwa ndinali ine, mphunzitsi. Dotolo anawatenga magazi, kuthira m'kabotolo, n'kuti tidikire. Potiitananso, pamwamba pa magaziwo panali patayera ngati mkaka.

Dotolo anandifotokozera kuti amenewo ndi mafuta, obwera ndi mowa wa zaka zambiri, ndipo akapanda kusiya, m'mimbamo mudzawatenga. Ine mutu unaima. Mafuta mwa munthu uyu? Akukhala pati? Koma chachikulu chinali china: mkamwini wodya za m'munda mwawo, n'kuuza apongozi kuti asiye mowa? Ndinayang'ana pansi.

"Akuti chiyani mzunguyu, akamwini?"

"Akuti muli ndi mafuta, bambo. M'magazimo."

"Ine?" Anadzisisita nthiti. "Ndiye kuti ndanona cham'kati! Amayi anu aja amati ndikutha. Achokera kuti mafutawo?"

"Akuti ku kachasu."

Anagwira dzanja la dotolo ndi manja awiri, kuthokoza. Dotolo anandiyang'ana mosangalala, ati sanaonepo wodwala womva msanga chonchi.

Kunyumba ndinayesa njira yaulemu. Ndinauza mkazi wanga, iye anauza amayi ake, amayi ake anauza mlongo wawo. Uthenga unayenda sabata yathunthu pa mtunda wa nyumba zitatu, ndipo unafika woti mkamwini akuchita nsanje chifukwa magazi ake ndi amadzimadzi. Apongozi sanakwiye. Ananditumizira botolo kuti nanenso ndinone. Anzawo akumowa anayamba kubwera kudzandifunsa mlingo wake, wina ndi ng'ombe yake yoonda.

Apongozi anamwalira mvula yachiwiri, atapindika ndi m'mimba momwemo. Onyamula maliro anati bokosi likulemera, ndipo onse anavomerezana kuti ndi mafuta aja.

Zaka izi ndawerenga pang'ono, ndipo akuti chiwindi chimasandutsa mowa kukhala mafuta, munthu woonda yemwe. Mwina. Chomwe chimandizunguza n'choti sindinawanamize apongozi. Mawu a dotolo ndinamasulira molondola, limodzilimodzi. Limene linakanirira pakhosi ndi limodzi lokha, loti asiye.