Nsalu Yosauma ya a Burashi

Pa yunivesite ija panali munthu mmodzi wolemba zikwangwani. Ife a kuwekishopu tinkangowatchula kuti a Burashi. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Manambala a pazitseko, mivi yolozera ku laibulale, "Amuna" ndi "Akazi" pazimbudzi, "Osaponda kapinga," zonsezo linali dzanja lawo. Sukulu analekera panjira, koma aphunzitsi a madigiri atatuatatu ankapeza maofesi awo powerenga zimene iwo analemba.

Sankalemba kanthu asanajambule mizere ndi rula ndi choko. Penti wamadzi ankati ndi wa ana a sukulu yamkaka. Wawo unali wamafuta, wopaka kawiri. Penti wamafuta amauma tsiku lathunthu, ndipo a Burashi sankasiya ntchito yawo isanaume. Tsiku lina anakhala pa chitini pakhomo la ofesi ya mkulu wina masana onse, kuthamangitsa anthu ofuna kutsamira chitseko. Mwini ofesi analowera khomo lakuseri.

Ankakhala m'nyumba ya yunivesite kuseri kwa wekishopu. Zipinda ziwiri, mpopi panja. Akazi awo anali ndi kadimba ka masamba ndi nkhuku zisanu ndi imodzi. Kunatsala miyezi khumi kuti apume pantchito. Lamulo linali lakuti wantchito akapezeka m'zionetsero za ophunzira, ntchito yathera pomwepo, ndipo nyumba atuluke pasanathe sabata ziwiri. Lamuloli ankalidziwa bwino. Analilemba okha pa bolodi la pageti la antchito.

Chaka chimenecho mipopi ya kumahositelo inauma sabata zitatu. Ophunzira ankatunga madzi ndi ndowa kukhitchini, ena ankangosamba kumaso. Lachitatu masana kunabwera mwana wa mlongo wawo, mtsikana wa chaka chachiwiri, atapinda nsalu yoyala pabedi m'khwapa.

"Malume, mawa tikuguba. Mungotilembera mawu atatu okha."

"Anzako onsewo sadziwa kulemba? Nanga mumatani m'makalasimo?"

"Tinalemba, malume. Onani."

Anatulutsa katoni. Zilembo zinayamba zazikulu ngati njerwa, n'kumachepa, ndipo chomaliza chinasowa malo n'kutsikira pansi. A Burashi anayang'ana nthawi yaitali.

"Walemba izi akuphunzira chiyani?"

"Zomangamanga, malume."

"Siya nsaluyo apo."

Akazi awo anamva zonse ali pakhonde. Mtsikana atapita analowa.

"Bambo, dzanja lanu ngakhale agalu a pasukulu pano amalidziwa."

"Ndilemba moipa dala."

"Inu? Tiona."

Anayesadi. Anagwira burashi ndi dzanja lamanzere. Chilembo choyamba chinatuluka chokhota. Anachiyang'ana, n'kuchifufuta ndi parafini, n'kutenga rula. Analemba kuti TIPATSENI MADZI LERO, zilembo zofiira, zonse msinkhu umodzi. Penti wachiwiri anapaka Lachinayi m'mawa, chifukwa woyamba anayenera kugona kaye.

Cha m'ma naini mtsikana uja anabwera ndi anyamata awiri onyamula nsungwi. Penti anali akunyezimirabe. Mmodzi anagwira nsalu n'kuyamba kuikulunga.

"Iwe! Ukuchita chiyani? Imeneyo si mphasa!"

"Pepani, madala. Nthawi yatha."

A Burashi anamanga okha nsalu kunsungwi. Anawaonetsa kanyamulidwe: kukoka kuti iwongoke, mbali ya penti kutali ndi thupi. Mnyamata wa kumanja anamva. Wa kumanzere anainyamula ngati akukayanika zochapa.

"Ndipatse kuno. Ndikufikitsani pangodya paja, ukaone mmene timachitira."

Pangodya panali mphepo ndi fumbi. Anati awasiyira pa laibulale. Pa laibulale pali mitengo ya nthambi zotsika, ndipo mnyamata uja anali atasowa kale m'gulu. Pamenepo anthu anali atachuluka, mazana angapo, ena akuomba ndowa zopanda madzi, ena akuimba. Nsalu yooneka bwino inali imodzi yokha, choncho anaikankhira kutsogolo. Kumene kwapita nsalu n'kumene anapita a Burashi, atavala ovolosi ya buluu yolembedwa dzina la yunivesite kumsana.

Sanaimbe nyimbo iliyonse. Nkhonya sanakweze. Njira yonse mawu awo anali omwewo: "Koka uko! Osakhudza! Iwe wa malaya oyera, choka apo!"

"Madala ali nafe!" anakuwa wina.

"Sindili nanu. Ndili ndi nsalu."

Anawaombera m'manja.

Mtsikana uja anawapeza pafupi ndi bwalo la mpira, thukuta lili kamukamu.

"Malume, bwererani! Akujambulani pafoni anthu onsewa. Ndipatseni ine."

"Ndiwe wamfupi. Ipendekeka."

Anafika pa nyumba ya maofesi a akuluakulu. Zitseko zinali zokhoma. Mtsogoleri wa ophunzira anakwera pamasitepe n'kuyamba kuwerenga kalata ya madandaulo. Asanafike pakati, apolisi analowa pageti n'kuponya utsi wokhetsa misozi. Gulu lonse linabalalika. Mnyamata wa kumanja anataya nsungwi yake, nsalu n'kugwa chafufumimba m'dothi, ndipo mapazi ambiri anadutsa pomwepo. Utsi utachepa, pabwalo panatsala ndowa, masilipasi ndi a Burashi, akutsokomola, misozi ili mbwembwembwe, akuyesa kuchotsa mchenga pa penti ndi chikhadabo. Alonda a yunivesite anawatenga pamodzi ndi nsaluyo.

Mlandu anauika Lolemba. Loweruka kapitawo wathu anapita kunyumba kwa a Burashi. Anali munthu wakale naye, awiriwa analowa ntchito chaka chimodzi.

"Achimwene, nkhani yake ndi iyi. Mumadutsa, ana anakupanikizani, anakugwiritsani nsungwi. Nsaluyo simukuidziwa. Zotsalazo ndiyankhula ine."

"Ndamva."

"Mwamva chiyani?" anatero akazi awo. "Mukatseke pakamwa. Mphindi khumi zokha. M'nyumba muno mumatha tsiku lonse osayankha munthu, ndiye mukachite zomwezo kumeneko."

Lolemba tinapita angapo kukakhala kumbuyo. Pa tebulo panali anthu atatu. Pakati panali mayi woyang'anira antchito, munthu wosakonda zochotsana ntchito. Nsalu anaiyala patsogolo pawo. Inali itauma tsopano, koma ndi mchenga, zidindo za nsapato ndi penti woyenderera. Mawu ankawerengeka movutikira.

Kapitawo anayankhula bwino. Anati bamboyu sanajombepo, sanatukwanepo munthu, ndale sazidziwa. Kenaka analoza nsalu.

"Bwana, tangoonani nokha. Munthu uyu mukuidziwa ntchito yake. Angalembe zonyansa ngati izi? Awa ndi ana. Ana a masiku ano ngakhale mzere wowongoka sautha."

A Burashi anayang'ana pansi. Khutu lawo linagwedezeka.

Mayi uja anagwedeza mutu. Zinaoneka kuti yankho limenelo lawakwanira. Anatseka faelo, cholembera n'kuika pamwamba. Ife kumbuyo tinayamba kufuna zipewa zathu.

Ndiye mphunzitsi wina amene anakhala kumapeto, amene sanayankhule chiyambire, anafuna kuti naye amveke. Anavala magalasi n'kuwerama.

"N'zoona. Onani mawu apakatiwa. Zilembo zina zazitali, zina zazifupi. Wolemba wake sanagwirepo rula."

"Ndi zofanana," anatero a Burashi.

Kapitawo anawaponda phazi.

"Mwati bwanji, bambo?"

"Ndati ndi zofanana. Nsalu ndi imene yatamuka ataiponda. Kokani uko."

Anaimirira, n'kutulutsa rula yopinda m'thumba la ovolosi. Mphunzitsi uja, posadziwa chochita, anakoka. A Burashi anayeza chilembo chilichonse, kuyambira choyamba mpaka chomaliza, akutchula mainchesi mokweza. Zinalidi zofanana. Anaonetsanso pamene mzere wa choko unkaonekerabe pansi pa penti.

Kapitawo anali atatseka kumaso ndi chipewa.

"Ndiye analemba ndani nsalu imeneyi?" anafunsa mayi uja, mawu ali pansi.

"Bwana, pasukulu pano pali winanso?"

Mayi anatsegulanso faelo.

"Bambo, ine ndinayesetsa."

"Ndaona, bwana. Zikomo."

Kalata yowachotsa ntchito inatuluka Lachitatu. Madzi kumahositelo anabwera Lachisanu. Ena amati chifukwa cha zionetsero, ena amati paipi yatsopano inali kale panjira. Ophunzira anakonza zoti agubenso pofuna kuti madala abwezeretsedwe pantchito, koma mayeso anali pafupi, ndipo patsikulo panabwera anthu khumi ndi mmodzi. Mtsikana uja anabwera kudzalira pakhonde. Malume ake anamuuza kuti akawerenge.

Sabata yachiwiri isanathe tinawathandiza kukweza katundu palole. Akazi awo anazula masamba onse m'dimba, ngakhale anthete, n'kugawira akazi a alonda. Nkhuku anamanga miyendo. Kwa amuna awo sanayankhule mwezi wathunthu. Chakudya ankangoika patebulo.

Pano amachita lendi chipinda kuseri kwa malo ometera tsitsi, pafupi ndi siteji ya basi. A Burashi amalemba zikwangwani za maokala, za matelala ndi za ogulitsa mabokosi amaliro. Ntchito ilipo ndithu. Koma munthu akabwera nayo sayamba waonana ndi iwo. Amayamba wakhala pabenchi ndi akazi awo, ndipo mayiwo amafunsa kuti chikwangwanicho chikupita kuti, chikufunika liti, komanso adzachinyamule ndani.