Mawondo a Delifina adakana kuwongoka

Ndidadzuka tambala asadalire. Amayi amene adagona pa siwa adali atatopa kuimba, ena akusonkha moto kuseri kwa nkhokwe. Thupi la akulu anga, a Delifina, lidali m'nyumba atalifunditsa chitenje cha kapulana, mawondo ali chipindikire monga adakhalira zaka zisanu ndi ziwiri.

Matenda awo sadali achinsinsi. Dotolo wa ku Tete adatiuza kuti chitetezo cha m'thupi mwawo, chija chimamenyana ndi tizilombo, chidasokonezeka n'kuyamba kuwononga chicherewecherewe cha m'mfundo ngati ndi mdani. Achibale ndidawafotokozera kangapo konse. Ankangogwedeza mutu.

Dzuwa litatuluka anthu adayamba kufika, ambiri pa njinga kuchokera ku Nsadzo, amalume athu pa mota, njinga yamoto ija, kuchokera ku Zambia kudzera pa Cassacatiza. Bokosi lidabwera mochedwa, ndipo titawaika silidatheke kutseka. Mmisiri ndidamuuza kuti likhale lakuya, iye adangopanga monga amapangira onse. Azibambo awiri adati angowakanikiza mawondowo.

"Musawakhudze," ndidatero. "Ululu adaumva wokwanira ali moyo."

Tidadikira mpaka masana kuti mmisiriyo awonjezere matabwa. Kudatentha kwambiri, anthu akung'ung'udza pansi pa mitengo, ndipo mvula idatipeza tili pa njira ya kumanda.

Kumandako amalume adayankhula m'malo mwa banja. Adati munthu sapindika chonchi popanda womupinda, ndipo womupindayo ali pomwepano. Maso onse adatembenukira kwa mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene tsiku lililonse ankabwera kudzathowa a Delifina ndi madzi ofunda, ife achibale tili kumunda. Mayiyo adatula pansi maluwa amene adanyamula, n'kuchoka osacheuka.

Ndidaimirira kuti ndiyankhe, koma azakhali adandikoka dzanja.

"Khala pansi iwe. Ukufuna uwachititse manyazi amalume ako?"

Ndidakhala pansi. Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha zimenezo.

Madzulo anthu atabalalika ndidapita kukagogoda kwa mayi uja. Ndidaitana katatu, ndidanena kuti ndine, kuti ndabwera ndekha. Ndidawamva akutsokomola m'katimo, koma chitseko sichidatseguke.

Ndidabwerera kwathu miyendo ili matope okhaokha. Moto udali utazima, m'nyumba muli zii. Chimene chinkamveka ndi nkonono wa amalume basi, atakhuta, ali gone pa mphasa ya malemu.