Ndinalola Mudzi Uziopa Kabokosi ka Galimoto Yanga

Inu owerenga, mkazi wanga anamwalirira pa ngolo, galimoto yanga ili chiimire pakhomo, mafuta alimo, matayala onse ali bwinobwino. Anthu akandifunsa ndimangoti galimoto inakana kulira, ndipo si bodza. Koma pali mbali ina imene ndimaisiya dala. Imeneyo ndiyo ndikufuna muimve, makamaka inu amene mukuyenda ndi magalimoto otsegula ndi rimoti masiku ano.

Kwathu ndi ku Nathenje, koma ndinakwatira chakumidzi ya ku Mitundu, ndipo ndinkakhala pachikamwini kwawo kwa mkazi wanga, a Naphiri. Amene anakhalapo mkamwini akudziwa mmene zimakhalira. Denga la apongozi likadontha, itanani mkamwini. Nkhani ya pabanja ikayamba, mkamwini akaone ngati mbuzi zalowa m'khola. Ine ndine wonyada chibadwire, ndiye zimenezi zinkandidya mumtima. Pamene ndinkapita ku Joni kukagwira ntchito, ndinadziuza kuti pobwera anthu amenewa adzanditchula bambo.

Ndinabwera ndi pikiapu yoyera, chakumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi. Inali yakale ndithu, koma mwini wake woyamba anaiikira alamu poopa mbava za kumeneko. Pa makiyi ake pankalendewera kabokosi kakuda, kochepa kuposa bokosi la machesi, kokhala ndi batani limodzi ndi kanyali kofiira. Ukadina, galimoto inkalira kawiri, zitseko n'kumasuka zokha. Ukapanda kudina unkatha kutsegula chitseko ndi kiyi, koma alamu inkakuwa ngati galimoto ya polisi, ndipo injini sinkadzuka ngakhale upotokole kiyi mpaka dzuwa kulowa. Lero ngakhale mwana amadziwa kuti imeneyo ndi rimoti. Nthawi imeneyo kwathu kuno kunalibe anali atakaonapo.

Miyezi yoyamba galimoto ija inasanduka ya mudzi wonse. Chimanga cha kuchigayo, odwala, maliro, udzu wofolera, zonse zinali pamsana panga. Mlamu wanga a Levisoni, mchimwene wawo wa a Naphiri, sankapempha n'komwe. Ankangodutsa pakhomo n'kunena kuti mawa tipita ku Mitundu, basi. Ndinaona kuti ndikadali mkamwini yemwe uja, kungoti tsopano wamatayala.

Zinasintha tsiku lina la msika ku Mitundu. Pachipata panali anyamata aja ankafunsa khadi lachipani munthu asanalowe. Ndili chapatali ndinakumbukira kuti sindinakhome galimoto, ndiye ndinatembenuka n'kudina kabokosi kaja. Kanyali kanathwanima, galimoto inalira kutsidya kwa msewu. Anyamata aja anayang'anizana, kenako anandipatukira osafunsa khadi. Anthu amene anali pamzere anaona zonsezo.

Sabata isanathe, mbiri inali itafika m'mudzi yoti ine ndine kazitape wa boma, ndipo kabokosiko kamatola mawu a anthu n'kuwatumiza ku Lilongwe. Musawaseke anthu amenewo, inu owerenga. Masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu amodzi onena pamowa. Munthu wochokera kunja, wonyamula kanthu kothwanima, amene ngakhale anyamata a makadi akumupatukira, akanamuganizira chiyani china?

Nditamva ndinaseka. Kenako ndinaona kuti palibenso akubwera kudzafuna galimoto. A Levisoni anayamba kundivulira chipewa n'kumanditchula bambo, mawu aja ndinawapitira ku Joni. Kunena zoona zinandikomera. Sindinanenepo ndi pakamwa panga kuti ndine kazitape, koma sindinakanenso. Ndikafika pabawo ndinkaika makiyi aja pambali, kabokosi kali pamwamba, n'kumaona amuna aakuluakulu akusintha nkhani kuyamba kukamba za mvula.

Amene anasenza katundu ameneyu ndi a Naphiri. Anabadwira m'mudzi momwemo, koma akafika pachitsime amayi anzawo ankangoti zii. Panalibenso wobwera kudzapempha mchere kapena kudzapala moto. Anali oyembekezera, mimba yoyamba titadikira zaka zambiri, nthawi imene mkazi amafuna anzake pafupi. Ndinkawapeza pakhonde akudziluka okha tsitsi, kagalasi atakaimika pa mtondo. Amayi awo okha ndi amene ankabwerabe, nawonso ankadikira ine ndichoke kaye.

Tsiku lina anandiuza mofatsa, monga mwa chikhalidwe chawo. "Bambo, auzeni anthuwa kuti kameneka n'kotsegulira galimoto basi. Ine ndatopa kucheza ndi nkhuku." Ndinawayankha kuti adikire fodya agulitsidwe kaye, apo ayi anthu andithyolera galimoto ndi mabelo awo. Sanabwerezenso.

Nthawi yomweyo kabokosi kaja kanali katayamba kale kundichenjeza. Poyamba kankagwira ndili kutsidya kwa msewu. Kenako kankafuna ndiyandikire. Pambuyo pake ndinkachita kukagunditsa pagalasi n'kudina kangapo, kanyali kakuyaka mwaulesi. Masiku ena kankagwira kamodzi n'kamodzi ngati palibe vuto, ine n'kumati kachira. Ndinkakaotcha padzuwa, kukamenyetsa pachikhatho, kukapukuta ndi malaya, ngati mmene tinkachitira ndi mabatire a wailesi.

Ku Nathenje ndinali ndi mnzanga wa paubwana, a Saidi, amene anali ndi sitolo ya bambo awo m'mbali mwa msewu, yogulitsa nsalu, mabatire ndi mawotchi. Tsiku lina anandiona ndikuzungulira galimoto ndikudinadina. "Achimwene, kameneko katha batire," anatero. "Bwera nako nditsegule, mwina n'lofanana ndi la wotchi." Pakhonde la sitolo panali anthu odikira basi ya ku Lilongwe, ena a iwo ondidziwa. Ndinaganiza kuti akakatsegula pamaso pawo n'kutulukamo batire la wotchi, mawa lake mudzi wonse udziwa kuti ndine mkamwini wamba. Ndinakaika m'thumba n'kuwauza kuti kameneka sikatsegulidwa ndi aliyense. A Saidi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera m'sitolo. Kuyambira pamenepo nawonso ankangondipatsa moni.

Tsiku la tsoka linali la m'dzinja, masana dzuwa lili pamutu, anthu ali m'zigafa akusoka fodya. Nthawi ya a Naphiri inali isanakwane, koma anayamba kutaya magazi mwadzidzidzi. Amayi awo anali nawo m'nyumba, ndipo anafuula kuti tithamangire kuchipatala ku Mitundu. Ndinathamangira pa galimoto n'kudina. Palibe chinachitika. Ndinakagunditsa pagalasi, ndinazungulira mbali zonse, ndinakamenyetsa pachikhatho mpaka chikhatho kuwawa. Kanyali kaja sikanayake ngakhale pang'ono.

Ndinatsegula ndi kiyi, alamu n'kuyamba kukuwa. Ndinapotokola kiyi, injini osatsokomola n'komwe. Ndinaganiza kuti mwina tikaikankha ilira, ndiye ndinatembenukira ku chigafa cha a Levisoni, chimene chinali pafupi, mmene munali amuna angapo. Inu owerenga, chimene ndinaona sindidzachiiwala. Anthu aja atamva kukuwa kuja anaganiza kuti ndaitana apolisi, ndipo anali akuthawira m'chimanga, fodya atamutaya pansi. Ndinawaitana mayina mmodzimmodzi. Ndinazula waya wa batire la galimoto kuti phokoso lileke, ndinaitananso, koma mudzi wonse unali zii ngati mulibe munthu.

Apongozi anga, amene zaka zonsezo tinkapatukirana panjira osayang'anizana kumaso, anatuluka n'kudzaima patsogolo panga penipeni. "Chisiyeni chimenecho," anatero. "Pitani mukamugwadire mlamu wanu, atipatse ngolo." Ndinalowa m'chimanga ndikufuula kuti si apolisi, ndi a Naphiri akudwala. Panapita nthawi a Levisoni asanatulukire, ndipo atatulukira ankayang'ana m'manja mwanga, osati kumaso. Ng'ombe zinali kudambo. Pamene tinkazitenga, kuzimanga pagoli n'kuyala matiresi m'ngolo, dzuwa linali litapendeka.

Msewu unali matope okhaokha. A Levisoni ankayendetsa, apongozi atawagoneka a Naphiri pamiyendo, ine ndikuyenda pambali ndikukankha gudumu likatitimira. Tili pakati panjira, a Naphiri anatsegula maso n'kuitana mchimwene wawo ndi mawu apansipansi. "Achimwene, kabokosi kaja n'kotsegulira galimoto basi. Musamawaope." Mphamvu zochepa zimene anatsala nazo anathera kunena mawu amene ine ndinakana kunena ndili bwinobwino. A Levisoni anacheuka kundiyang'ana, kenako anangokwapula ng'ombe. A Naphiri anatisiya madenga a malata a ku Mitundu akuonekera chapatali. Mwana anapita nawo limodzi.

Pamaliro panadza anthu ambiri, poti a Naphiri anali mwana wa m'mudzimo. Amuna anakumba manda, amayi anaimba, koma pamene ndinakhala ine panali malo mbali zonse ziwiri. Sanalinso kundiopa, pakuti a Levisoni anali atawauza. Ankangondiyang'ana ngati munthu amene anasewera ndi mantha awo, ndipo sankalakwa. Mwambo utatha anandisudzula, ndipo ndinabwerera ku Nathenje ndi chikwama chimodzi, galimoto nditaisiya pomwe inaima.

Mawa lake ndinapita kwa a Saidi n'kuika kabokosi kaja patebulo. Anali atamva za malirowo. Anakatsegula ndi nsonga ya mpeni, munatuluka kabatire kangati batani la malaya. Anasanthula m'kabati ya mawotchi, anapeza kena kokwanamo, anatseka n'kundibwezera. Ntchito yonseyo inatha madzi a tiyi amene anateleka asanawire.

Nditapita kukatenga galimoto, ndinabwezera waya wa batire n'kudina kamodzi kokha. Inalira kawiri, ndipo injini inadzuka nditangopotokola kiyi. Ndinakhala m'menemo ndikulira, chitseko cha nyumba yathu chili chotseka patsogolo panga. Palibe anatuluka kudzanditsanzika. Galimotoyo ndinaigulitsa chaka chomwecho, ndipo sindinakwatirenso. Mpaka lero ndimakhala ndekha, ndipo ndikamva galimoto ya munthu ikulira kawiri pamsika mtima umandipweteka.

Tsono inu owerenga, rimoti yanu ikayamba kufuna kuti muyandikire, kapena kugwira lero mawa n'kukana, musaimenyetse pachikhatho ngati ine. Sinthani batire tsiku lomwelo. Funsani odziwa akuonetseni mmene mungatsegulire ndi kulizira galimoto rimoti itafa, ndipo akunyumba kwanu adziwenso. Koma chachikulu ndi ichi: anthu akayamba kukuopani pa chinthu chabodza, auzeni zoona msanga, ngakhale manthawo akukukomerani. Ndi bwino akuvuteni ndi mabelo awo a fodya. Ine tsiku lija sindinkafuna ulemu wa munthu aliyense, ndinkangofuna wina atuluke m'chimanga. Ndinaitana mayina awo onse, ndipo onse anandimva.