Tsiku limene aphunzitsi ananditcha mbuli

Ndili mwana ndinali wolongolola. Amayi ankati pobadwa panayamba kutuluka pakamwa, miyendo n'kubwera pambuyo. Kusukulu kwathu, kufupi ndi Senga Bay, khalidweli linkandidyetsa zikoti mpaka nditafika Sitandade 8, m'manja mwa aphunzitsi ena aatali, oyenda ngati akuopa kuponda nyerere. Iwowa m'malo mondimenya anaipezera ntchito milomo yangayi.

Lachisanu masana ankatitulutsa kukachita dibeti pansi pa mtengo wa mango. Lamulo lawo linali lakuti mbali susankha wekha. Ankafumbata mwala kudzanja lina, chigoba cha nkhono kudzanja linalo, ndipo chimene wakhudza ndiyo mbali yako, uifune usaifune. Ine ndinaikirapo kumbuyo udzudzu mpaka anzanga anaumvera chisoni.

"Za m'buku ndikuzidziwa kale," ankatero aphunzitsiwo. "Ndiuzeni zimene mwaona ndi maso anu."

Chaka chimenecho boma linali kalikiliki kulimbikitsa ulimi wa thonje. Pa tsiku la makolo, aphunzitsi anabweretsa mutu wakuti thonje limaposa usodzi. Ine ndinakhudza chigoba, mbali ya usodzi, ndipo ndinasangalala poti bambo anga anali msodzi. Makolo anakhala pamikeka. Atcheyamani a chipani m'dera lathu anakhala pampando wa ahedi, anyamata awo a malaya ofiira ataima kumbuyo.

Mnzanga wa thonje ananena zake, anthu n'kuwomba m'manja mwaulemu chabe. Ine nditaimirira ndinaiwala zoti pali alendo. Ndinanena za usipa umene umauma pathandala tsiku lomwelo, ndi za azakhali anga akumtunda amene manja awo anasupuka ndi mankhwala opopera thonje. Kenaka ndinafunsa kuti, "Mwana akalira njala, mumukazingira thonje?" Azimayi anaimba nthungululu, asodzi anaimirira. Mumtima mwanga munakoma zedi. Atcheyamani okha ndiwo sanaseke.

Kwathu za dibeti anthu sankazidziwa. Munthu akaimirira pagulu n'kulankhula, ndiye kuti wanena za kumtima kwake, kapena za amene wamutuma. Pofika Lolemba nkhani inali itafala kuti mwana wa msodzi wanyoza chitukuko cha boma. Masiku amenewo mlandu wotere sunkathera pakamwa, ndipo mayeso anali atayandikira.

Anandiitanira mu ofesi ya ahedi. Bambo ndinawapeza atanyonyomala pansi, chipewa chili pabondo.

"Mtsikanayu mayeso salemba," anatero atcheyamani. "Sukulu ya boma silera zigawenga."

Aphunzitsi aja anapempha kuti alankhuleko. Sindinawamvepo akulankhula mokoma ngati tsiku limenelo. Anayamba ndi kuyamikira atcheyamani kuti ali ndi khutu lakuthwa, lomva zimene ena onse sanamve. Kenaka anandiloza.

"Koma bwana, mwanayu mukumupatsa ulemu wosamuyenera. Iyeyu ndi mbuli. Tamuonani nkhope yakeyo, angaganize zimenezija yekha? Mawu onse aja ndinamulowezetsa ndine, ndipo ena anachita kuwaphonya. Mukamuchotsa sukulu, anthu adzati chipani chinaopa kamtsikana kosadziwa ngakhale kupeta."

Atcheyamani anaseka mpaka kutsokomola. Ine magazi anawira. Mawu aja anali anga, ndinawapeka ndekha ndikutsuka mbale kunyanja. Nditati nditsegule pakamwa, bambo ananditsina pakakolo.

"Eti iwe, n'zoona zimenezi?" anafunsa atcheyamani.

"Inde," ndinayankha.

Ndinatuluka ndikulira ndi mkwiyo. Munthu yekhayo amene ankati mutu wanga umagwira ntchito anali atanditcha mbuli pamaso pa bambo anga, osandiyang'ana n'komwe. Ndinadana nawo, ndipo mawa lake nditakumana nawo pakhonde ndinayang'ana kumbali.

Sabata isanathe kunabwera galimoto. Tinaonera pazenera aphunzitsi aja akukwera opanda chikwama, choko chikadali m'zala. Ena ankati anawaona pasiteshoni ku Salima, ena ankatchula malo oti sitinkawatchula mokweza. Palibe anafunsa, ndipo sanabwererenso. Dibeti inathera pomwepo. Amene analowa m'malo mwawo ankangolemba pabolodi ife n'kumakopera, Lachisanu masana tinkasesa pansi pa mango paja.

Mayeso ndinalemba, ndinakhoza, ndipo pambuyo pake nanenso ndinagwira choko mpaka kupuma ntchito. Kulongolola kuja kunachepa kwambiri. Ana anga akusukulu ndinkawachititsa dibeti, koma mitu yake inali ya mphaka ndi galu basi.

Mkwiyo uja ndinakula nawo mpaka ndithu ndili ndi ana, chifukwa panalibe woti n'kukambirana naye nkhaniyi. Bambo ali pafupi kumwalira ndi pamene anandiuza kuti m'mawa wa Lolemba lija aphunzitsi anawapeza kudooko akusoka ukonde, n'kuwapempha kuti chilichonse chimene anganene mu ofesi, ine ndisatsegule pakamwa. Zimandipweteka mpaka lero kuti mawu omaliza amene aphunzitsiwo anamva kwa ine ndi "inde" uja. Tsiku limenelo nawonso anali pa dibeti, koma mbali anasankha okha.