Kapu Yobooka Pansi

Kapu yanga yachitsulo yayamba kudontha lero, ndiye ndakumbuka chaka chimene ife masikauti tinakhoma matenti m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, Bwanamkubwa akadalamula ku Zomba.

Masana aphunzitsi anatituma nkhuni. Ine ndinalowa m'kankhalango kozizira, kopanda ndi mbalame yomwe, nkhuni zouma zili mbwee. Ndinatolamonso kapu yoyera, yobooka pansi.

Pobwerera ndinakumana ndi mayi wina akuchokera kumtsinje. Atandiona anatula mtsuko.

"Mwanawe, kapuyo ankamwera amuna anga. Tinaiboola dala tsiku lowaika m'manda."

"Pepani amayi, ndikabweza pompano."

"Iyayi, wekha usabwererekonso. Akudziwa nkhope tsopano."

Ndinasuzumira m'kapumo. Chinali chilimwe, mvula isanagwe n'komwe, koma m'kati mwake munali monyowa.