Yangona ya Azakhali Vasemaca

Foni inalira kamodzi pansi pa pilo, tiii, nyumba yonse ili zii. Ndinaitsegula ndi dzanja limodzi, linalo lili pamsana pa mwana wanga Seini. Uthenga unali wa Jolame, bambo wa mwanayo, amene ndinamuthawa kwathu ku chilumba cha Kadavu nditatopa ndi zibakera zake: "Kadiresi kachikasuko kamukhala bwino mwana wanga. Ndikupezani."

Kadiresiko tinali titagula dzana lake kuno ku mzinda wa Suva. Chithunzi chake sindinatumizire munthu aliyense.

Azakhali Vasemaca, mlongo wa malemu bambo anga, ndi amene anatisunga. Kumudzi amawatcha mayi wa makompyuta, ena amawanena kuti anakwatiwa ndi sukulu. Anayamba ndi kuwerenga ndalama za anthu ku banki, kenako anapita kukaphunzira kunja, ku Brisbane, atakula kale n'kukakhala m'kalasi ndi ana oti akanatha kuwabereka. Lero amaphunzitsa pa yunivesite momwe munthu angatetezere foni ndi kompyuta kwa akuba. Amatsimphina mwendo wakumanzere, ndipo akaseka agalu a kuseri amauwa.

M'mawa wake sanaseke. Anaika foni yanga pafupi ndi mbale ya chinangwa, n'kumaitokosa ndi chala chimodzi.

"Miliakere, akaunti yosungira zithunziyi unatsegulira nambala ya ndani?"

"Ya amayi. Nthawi imeneyo ndinalibe foni."

Tinawaimbira amayi. Analira tisanawafunse n'komwe. Jolame anali atapita kwathu ndi amalume ake, atanyamula mtolo wa mizu ya yangona, imene timasinja n'kupanga chakumwa cha pamwambo, kukapepesa monga mwa mwambo. Anakhala pansi, anawomba m'manja, akulu anamwa. Kenako ananena kuti ali ndi kerekere, kapempho kakang'ono: pabwera timanambala pa foni yanu, amayi, mundiwerengere. Kwathu munthu akabwera ndi kerekere sumubweza, makamaka yangona yake ili kale m'mimba mwako. Amayi anawerenga.

Pofika masana azakhali anali atamutulutsa Jolame mu akauntiyo, atasintha zonse, atandiperekezanso kukhoti kukatenga chikalata chomuletsa kundiyandikira. Koma mantha anga sanali pa foni. Abale athu mu Suva ndi ambiri, Jolame sankadziwa kuti ndili kwa uti, komanso azakhali anali atangosamuka. Amene ankaidziwa nyumbayo ndi amayi.

"Nanga akapitanso ndi yangona ina kukafunsa komwe tili?" ndinatero.

Azakhali anaika foni pansi. Anangoyang'ana khoma.

Pakhoma la pabalaza anali atamata mapepala, sabata iliyonse ya teremu pepala lake. Ndi mmene amakonzera maphunziro awo chaka chilichonse, amati za pa kompyuta sazikhulupirira mpaka azione pakhoma. Pepala loyamba linali la mawu achinsinsi. Kenako mauthenga achinyengo, mavairasi, kubisa uthenga kuti wina asawerenge, malamulo, mpaka mayeso kumapeto, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. Seini anali atang'amba kale la mavairasi n'kulidya pang'ono.

"Taona, buku la ku Brisbane likuti usauze munthu aliyense mawu ako achinsinsi. Mzere umodzi basi, n'kupita pa nkhani ina," anatero azakhali. "Wolemba ameneyu alibe amalume. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana kukhoma chitseko, chonsecho wakuba wathu amagogoda, timamuyalira mphasa."

Anamatula mapepala atatu n'kuwasuntha, pakati panatsala khoma lopanda kanthu.

Popeza ndinkaopa kutsala ndekha, anayamba kunditenga kukalasi. Ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, Seini ali pamiyendo, maso anga ali pa aliyense wodutsa pakhonde. Sukulu ndinalekezera Fomu 4, koma zambiri ndinkazimva, chifukwa azakhali amaphunzitsa ngati akukamba nkhani pamsika. Masabata oyamba wophunzira aliyense anapatsidwa akaunti yoyeserera, n'kuitseka ndi mawu achinsinsi aatali. Ankapikisana. Mnyamata wina wamatama, Apisai, anati ake kompyuta ingawafufuze mpaka Yesu kubwera.

Itafika sabata ya malo opanda kanthu aja a pakhoma, azakhali analemba ntchito pa bolodi, anati aitanidwa ku ofesi, natuluka. Patapita kanthawi panalowa bambo Isikeli, mkulu wa mpingo wathu, imvi mbuu, atavala tayi ndi nsalu yawo ya Lamulungu. Sanaime kutsogolo. Anakhala pansi penipeni, pasimenti, nawomba m'manja katatu. Kalasi yonse inasowa pokhala, ena anatsika pamipando.

"Ana anga, pepani ndakusokonezani. Ndili ndi kerekere. Madamu anu andituma, akuti aliyense alembe mawu ake achinsinsi apa, akufuna akaone ngati ali olimba. Ine zimenezi sindizidziwa, musandichititse manyazi pobwerera chimanjamanja."

Pepala linayenda. Ndinaona Apisai akulemba mosamala, mpaka kufunsa ngati zilembo zikuoneka bwino.

Azakhali atalowa anatenga pepalalo, naseka mpaka kugwira tebulo.

"Apisai! Yesu wabwera kale kodi? Sindinamve lipenga ine!"

"Aaa, Madamu, si chilungamo chimenecho! Mwatitumizira munthu wamkulu. Tikanatani?"

"Ukanakana."

"Kukana bambo oti akhala pansi? Amayi anga atamva angandikane ineyo!"

"Nanga ukadzalembedwa ntchito ku banki, amalume ako n'kukhala pansi chomwechi?"

"Ndidzawauza kuti kompyuta yafa."

"Adzadikira. Amalume a kwathu amadikira mpaka Khirisimasi, akudya kwanu."

Kalasi inafa nacho chiseko, bambo Isikeli nawonso. Ine sindinaseke. Ndinkaona amayi atakhala pamphasa, foni ili m'manja.

Azakhali anawerenga mayina napeza kuti mmodzi sanalembe. Anali mtsikana wachete wa ku zilumba za Lau, dzina lake Talica.

"Iwe wamwano, unawayankha chiyani bambowa?"

Talica anayang'ana pansi. "Sindinawakanire, Madamu. Ndinati pepani bambo, tsiku loyamba Madamu anatipempha kuti tisauze munthu, ine ndinavomera. Mawuwo si anganso, ndinawapereka kale. Mukawapemphe kwa eni ake."

"Zoona," anatero bambo Isikeli. "Ndipo sizinandipweteke. Munthu sungamulande chimene analonjeza kwina."

Azakhali anaika pepala lija patebulo. Kenako anafufuta zonse za pa bolodi. Sabata imeneyo ndi yotsatira yake makompyuta sanayatsidwe. Ophunzira ankakhala awiriawiri, wina amalume, wina mphwake, kuyeserera kukana mwaulemu. Wina ankabwera ngati abusa, wina ngati apongozi, wina ngati bwenzi lolira. Mkulu wa dipatimenti anasuzumira tsiku lina n'kufunsa ngati tsopano akuphunzitsa zisudzo. Azakhali anamuuza kuti zimenezi zidzabweranso pa mayeso, ndipo ngati akukayika, bambo Isikeli akhoza kukamuchezera ku ofesi kwake. Anachoka mofulumira.

Ndinkawayang'ana akutsimphina pakati pa madesiki, choko chili m'tsitsi, akukalipira ana a anthu mwachikondi, mumtima n'kumati, magazi a bambo anga awa. Kumudzi amene amawaseka kuti alibe mwamuna sanawaonepo ataima pamenepa.

Koma Lachisanu amayi anaimba. Amalume a Jolame anali atatumiza mawu kuti abweranso sabata yamawa kudzacheza. Ndinayamba kulonga matewera a Seini m'chikwama, osadziwa n'komwe kolowera.

"Ukupita kuti, mwana wa achimwene?"

"Amayi sangathe, azakhali. Mukuwadziwa. Adzanena."

"Alamu anga si ofooka. Palibe anawapatsa chogwira, basi." Anandilanda chikwamacho n'kukhuthulira matewera pabedi. "Ifenso tinangowaimbira foni ngati akuchipatala. Uja anapita ndi miyendo, anakhala pansi. Ndiye ukudabwa kuti anamvera ndani?"

Loweruka m'mawa tinapita kumsika. Azakhali anadutsa nsomba, anadutsa chinangwa, n'kukwera masitepe pang'onopang'ono mpaka kwa ogulitsa yangona. Anasankha mtolo waukulu, wa mizu yakale yokhuthala, woti munthu ukaulandira sungaiwale. Wogulitsayo anafunsa ngati kuli ukwati.

"Kuli kalasi," anatero azakhali.

Pobwerera anandiuza zimene atsimikiza. Sabata yopuma ya pakati pa teremu, imene amayenera kuchonga ntchito za ophunzira, akwera sitima ya Lachiwiri kupita ku Kadavu. Akafika amalume a Jolame asanafike. Akakhala pansi pamaso pa amayi ndi akulu onse, ndi mwendo wawo wovutawo, akawomba m'manja, ndipo akapereka kerekere yawo: komwe kuli Miliakere ndi mwana, ndiponso nambala iliyonse yobwera pa foni, zikhale za Vasemaca. Wozifuna akazipemphe kwa iwo, ku Suva, ku yunivesite, pa geti pomwe pali alonda.

"Nanga zochongazo?" ndinafunsa.

"Ndikachongera m'sitima. Apisai ndamulepheretsa kale, zatsala zochepa." Anandipatsa mtolowo kuti ndinyamule, iwo natenga Seini. "Ukaukulunge bwino ndi nyuzipepala, usanyowe. Undipezerenso nsalu yanga yakuda ija, ndikaoneke ngati munthu."