Chaka Chimene Amalume Ankalondera Mbalame

Magalasi oonera patali aja anali akuda, olemera, chingwe chake chonunkha thukuta la amalume. Diso limodzi linali long'aluka, ndiye ukayang'anira momwemo nyanja ya Chilwa inkaoneka ngati wina waicheka ndi mpeni. Amalume ankawakulunga m'nsalu, ndipo munthu wa manja a nsomba sankawakhudza. Anawapatsa ndi anthu a bungwe lina la ku Zomba, chaka chimene mudzi unawasankha kukhala mlonda wa mbalame.

Inde, mlonda wa mbalame. Musaseke. Kudambo kwathu kunali chigawo cha njedza, udzu wautali wa m'madzi uja, chimene komiti inachizunguliza ndi mitengo yomangirira nsanza zofiira. Mvula ikayamba, mbalame zikamaikira, mkati mwa mitengo imeneyo simunkaloledwa kutchera msampha kapena kutola dzira. Wogwidwa ankalandidwa bwato mpaka nyengo yosaka itatsegulidwa. Aphunzitsi ankakonda kutiuza kuti, "Nyanja iyi si yanu nokha, ikudziwika dziko lonse lapansi. Mbalame zina mukuzionazi zimachokera ku Ulaya." Ine ndinaimika dzanja n'kufunsa ngati ku Ulayako kumakhalanso njala. Anandikwapula. Sukulu sindinapite nayo patali, koma funso lija palibe wandiyankha mpaka lero.

Chilimwe cha chaka chimenecho madzi anathawa, matemba osaoneka. Mvula itabwera, usodzi nawo unatsekedwa kuti nsomba ziswane. Mpunga wa ku Likangala unali usanabereke, chimanga chili m'mawondo. Tinkaphika mapapaya aawisi n'kuthira mchere. Mlongo wanga wamng'ono tsitsi linayamba kufiira, ndipo anasiya kulira, ankangoyang'ana.

Abambo anali mkamwini, kwawo kunali kutsidya, cha ku Phalombe. Pamudzi pa amayi analibe munda wawo, analibe ngakhale mtengo wa mango woti anene kuti uwu ndi wanga. Chawo chinali bwato basi, lakale, lomata phula m'mbali. Sanali munthu wolankhula. Ndiye masiku ena ndiwo zinangoyamba kupezeka: tinadititi, timbalame tam'madzi tija, tonona. Amayi ankatisosolera m'nyumba chitseko chili chotseka, nthenga n'kukakwirira kuseri kwa bafa. Koma fungo la mbalame yowotcha silikwiririka, ndipo nyumba ya amalume inali pafupi.

"Mlongo, kwanu kukununkhira bwino masiku ano."

"Ndi mbewa, achimwene."

"Mbewa za m'dzinja? Zamapiko?"

Amayi anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Madzulo ake amalume anapeza abambo akunola chikwanje pakhonde. Mawu awo ndikuwakumbukabe: "Alamu, ine ndinalumbira pamaso pa anthu. Musandiike pamoto." Abambo anapitiriza kunola, osadzutsa mutu.

Loweruka lililonse m'mawa amalume ankazungulira malire a nsanza zofiira, ine n'kumawakankhira bwato ndi nsungwi chifukwa msana unkawavuta. Tsiku limenelo tinakweranso ndi a tcheya a komiti, mkulu wina wachisilamu wogulitsa nsomba zouma, wa kapu yoyera, maso atayamba kuchita nkhungu. Madzi anali abulauni, ofunda, onunkha matope. Udzudzu unkandiluma m'miyendo. M'mawa umenewo ndinali nditaona kuti bwato la abambo palibe padooko, ndipo ndinkakankha pang'onopang'ono, ndikupemphera kuti mvula igwe tibwerere.

Kenako mkati mwa njedza mbalame zinadzuka zonse pamodzi, phokoso ngati chimphepo.

"Mbalame sizidzuka zokha," anatero a tcheya.

Amalume anamasula nsalu ija n'kuyang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine sindinafunike galasi. Malaya achikasu a abambo ndikanawadziwa ngakhale ali kuchilumba cha Chisi. A tcheya sankaona kanthu patali choncho. Amalume akanatha kunena kuti ndi ng'azi, kapena kuti munthuyo sakuoneka nkhope. Bodza laling'ono, loti ngakhale abusa akanalikhululukira.

"Ndani?" anafunsa a tcheya.

"Ndi alamu anga."

Sindikumbuka ndikuganiza. Ndinazula nsungwi m'matope n'kuwamenya nayo amalume pamwamba pa khutu. Bwato linapendekeka, madzi analowa, a tcheya akukuwa kuti, "Iwe mwana, utipha!" Magazi anatsikira m'khosi mwa amalume mpaka m'kolala. Sanandibwezere. Anangoti, "Kankha bwato, tipite komweko." Ndipo ndinakankha. Anthu amati mtima wanga wapachala unayamba tsiku limenelo. Bodza, ndinabadwa nawo. Tsiku limenelo unangopeza ntchito.

Mlandu unakambidwa padooko masana omwewo, mudzi wonse ulipo. Misampha ya abambo anaiunjika n'kuyatsa, utsi wa nayiloni ukutsamwitsa. Bwato analimanga ndi unyolo pamtengo. M'chipewa cha abambo munali mazira, atayalira udzu kuti asasweke. A tcheya anati abwezedwe m'zisa, wina n'kuyankha kuti azizira kale, mbalame siingawafungatirenso. Anakanganirana, kenako anangowasiya pamchenga, ndipo agalu anadya ife tikuona. Pa zonse za tsiku lija, chimene chimandiwawa kwambiri ndi chimenecho. Mazirawo sanaswe mbalame, sanalowenso m'mimba mwa mlongo wanga.

Mayi wina kumbuyo anakweza mawu kuti, "Kodi akamwiniwa anabwera kudzakwatira kapena kudzatitsirizira mbalame?" Anthu anaseka. Abambo anangoyang'ana zala za kumapazi. Ambiri mwa osekawo nthenga zinali zokwiriridwa kuseri kwa mabafa awo, ndikudziwa, chifukwa ana awo tinkauzana.

Dzuwa lisanalowe amalume anabwera ndi beseni la gaga, mutu atamanga nsanza. Analitula pakhomo pathu. Amayi anagwada n'kulandira. Anaphika, mlongo wanga anadya mpaka kunyambita mbale. Ine ndinakana, kenako njala inandigonjetsa. Abambo sanasambe m'manja n'komwe. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ankangokhala pakhonde, akuyang'ana kudooko kumene bwato lawo linamangidwa ngati mbuzi.

Lero ndine wamkulu, ndipo nyengo ikatsegulidwa nanenso ndimatchera mbalame. Zilipobe m'njedza muja, pamene kumadambo ena amene anthu anawotcha kuli zii. Ndikudziwa kuti amalume akanabisa mlamu wawo tsiku lija, sabata yotsatira mudzi wonse ukanalowa, ndipo palibe akanawamveranso. Zonsezi ndikuzidziwa, musandiphunzitse. Koma alendo akabwera ndi magalimoto kudzawerenga mbalame, akusangalala, magazi anga amawirabe. Palibe anabwerapo kudzafunsa kuti munthu wa bwato lomangidwa uja anathera kuti.

Abambo anachoka m'mawa wina, mvula ikuwaza. Anati akupita kwawo, akapeze ganyu kwa asodzi a kutsidya. Amayi anaima pakhomo atagwira pakamwa ndi nsalu. Ine ndinakulunga kabudula wanga wina m'jumbo n'kuwatsatira. Ndinkati ndikakhala mwana wa munthu, osati wa mlonda wa mbalame. Titafika panjira yaikulu anatembenuka, anandigwira pamkono mwamphamvu n'kubwerera nane. Sanandiperekeze kwa amayi. Anandikokera mpaka pakhomo pa amalume, ine ndikupalapata ndi kuluma.

Amalume anatuluka. Amuna awiriwo anayang'anana.

"Alamu, uyu ndi wanu. Ndi waukali, koma musamutaye."

"Khalani, alamu. Nyengo itsegulidwa posachedwa."

"Ayi. Munachita ntchito yanu."

Anapatsana moni wa manja awiri, ngati anthu osayambana. Ine ndinkayembekeza chibakera, kapena mwano umodzi wokha, ndipo ndinawakwiyira abambo chifukwa cha ulemu umenewo. Sindinkadziwa kuti kwathu kuno bambo akhoza kuchoka ndi chikwanje chake, koma mwana amatsala kwa eni mbumba. Dzanja la amalume linali paphewa panga, ndipo ine ndinkangodikira kuti abambo akangokhota pa ngodya amalumewo andimenya.